Mphatso Yolumphira Mbak Wening

Zotsatira za mayeso zinatuluka msuzi wa soto ukadali wotentha m'mbale. Inayamba kulira ndi foni ya Jatmiko, ya Kinanthi n'kutsatira pompo, ndipo awiriwo anangoyang'anizana masupuni ali m'malere. Madokotala athunthu, anthu oti magazi sawaopa, koma apa palibe analimba mtima kutsegula uthengawo.

"Tsegula ndiwe, Mas Miko," anatero Kinanthi, amene aliyense ankangomuti Kinan. Miko anali Jatmiko yemweyo, ndipo kwawoko mwamuna wamkulu kwa iwe umamuti Mas, munthu wamng'ono kwa iwe umamuti Dik.

"Ayi, Dik. Amayamba ndi akazi."

"Iii, ulemu umenewu waugula liti? Wandilanda chidutswa chomaliza cha tempe wa soya pompano si iwe?"

"Chabwino, tisinthane. Iwe uwerenge yanga, ine ndiwerenge yako. Ikakhala yoipa unameko pang'ono."

Anasinthanadi. Chimalizire sukulu ya udokotala, awiriwa ankangozungulira m'tizipatala ta kumidzi, kulemba mankhwala a chifuwa ndi a m'mimba, uku akulota tsiku limene adzatengedwe kukaphunzira ukatswiri. Miko ankafuna za mafupa, Kinan za ana. Malo ndi ochepa, ofuna ndi khwimbi, moti ena amalemba mayesowo mpaka kutopa nawo n'kukatsegula sitolo ya mankhwala.

Kinan anawerenga mzere woyamba wokha n'kudumpha pabenchi.

"Akutenga! Mas, akutenga! Dokotala wa mafupa iwe!"

"Khala pansi, anthu akutiyang'ana..." Miko sanamalize. Maso ake anali pafoni inayo, ndipo naye anadzuka mpaka kugubuduza tiyi. "Nawenso, Dik! Ana onse a m'dziko muno ali m'manja mwako, Mulungu awachitire chifundo!"

Mayi wogulitsa soto anaomba m'manja osadziwa n'komwe chimene chachitika. Anyamata awiri a njinga zamoto amene ankadya pakona anakuwa nawo, poti chimwemwe sichifunsa mwini wake. Kinan anaseka mpaka misozi, anamenya Miko paphewa, anakhala pansi, anadzukanso. Kenako anabwerera ku uthenga uja kuti auwerenge mpaka kumapeto.

"Mas, ine andiika kuti?"

"Konkuno ku Solo. Nanga ine?"

Kinan anamubwezera foni yake. "Ku Makassar."

Tiyi uja anapitiriza kudontha patebulo, palibe anamupukuta. Makassar ndi kutsidya kwa nyanja, ulendo wa ndege, ndipo wophunzira ukatswiri alibe tchuthi choti n'kutchula. Chaka choyamba amagona pabenchi ya m'chipatala, akadzuka ndi ntchito. Kinan anali ataona ndi maso ake zibwenzi za madokotala zikufa choncho: kuyamba n'kuimbirana tsiku ndi tsiku, kenako kamodzi pasabata, kenako khadi ya ukwati yolembedwa dzina la munthu wina. Zaka zisanu za chikondi cha pafoni? Mantha anamugwira zedi.

Koma Miko ankamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wabisa kanthu m'thumba.

"Ndinafunsiratu ine," anatero. "Maphunziro atsopanowa si aja a ku yunivesite. Apa mwini wake ndi chipatala, ndipo cha ku Makassar chija chikufuna anthu oti akhazikike. Akuti ngati mkazi wako naye watengedwa kwina, amamusamutsa kuti mukhale limodzi. Koma akhale mkazi wako ndithu, osati 'mnzanga wapamtima', ndipo zichitike maphunziro asanayambe."

"Ndiye ukuti bwanji?"

"Ndikuti tikwatirane mwezi wamawa."

"Jatmiko! Ukundifunsira ukwati ndi mpunga pachibwano?"

"Ndiupukute kaye ndiyambirenso?"

"Usapukute! Eya! Ndati eya, wamva?"

Mayi wa soto uja tsopano anamvetsa, ndipo anawathirira wina waulere. Kinan anakwera kumbuyo kwa njinga ya Miko mtima uli dyokodyoko, akusankha kale mitundu ya nsalu m'mutu mwake. Atafika pamphambano ya kumsika ndi pamene anamutsina Miko m'nthiti.

"Mas, taima. Tawaiwala akulu anga, Mbak Wening."

* * *

Bu Darmini, amayi ake a Kinan, amene ana ankawati Bu kapena Ibu, anali pamphasa pabalaza akupinda nsalu za batik zoti akagulitse kumsika. Nkhani ya kutengedwa anailandira ndi manja awiri: anamupsompsona mwana wawo pamphumi, anathokoza Mulungu, analoza chithunzi cha malemu amuna awo pakhoma n'kunena kuti bambo akanakhalapo akanapha mbuzi. Itabwera ya ukwati, manja anaima pansalu.

"Mwezi wamawa? Uli ndi pakati?"

"Ayi, Bu! Iii!"

"Nanga changu n'chachiyani? Miko ndi mwana wabwino, sindikukana. Koma m'nyumba muno muli mkulu wako Wening, ndipo sanakwatiwe. Wamng'ono salumpha wamkulu. Ukamulumpha wamutsekera mwayi, adzakalambira pakhomo pano, anthu azidzamuloza zala pamaukwati."

"Bu, zimenezo ndi zakale. Mbak ndi dokotala, mwayi wawo ungatsekeke chifukwa cha ine?"

"Zakale? Mwana wa kuseli uku anamulumpha mng'ono wake, lero imvi zayamba akulera amphaka. Ndipotu za maphunziro atsopanozi inenso sizikundilowa. Mkulu wako analowa khomo lenileni, ku yunivesite, bambo ako n'kugulitsa munda wa mpunga kuti amulipirire. Awa akuti azikulipira ndiwe? Sukulu iti imalipira mwana wa sukulu? Pali mbedza pamenepo."

"Mbedza yake ndi yoti tikamaliza tikagwire ntchito kuzilumba kumene kulibe akatswiri. Tinavomera tikudziwa."

"Ehe! Si ndanena? Lero Makassar, mawa kuchilumba kopanda magetsi, ine zidzukulu ndizidzazionera pafoni."

Kinan anagwada pamphasa n'kuyamba kuwathandiza kupinda. Amayi akewo ankawadziwa bwino: ukalimbana nawo amauma ngati gwa, ukawanyengerera amafewa okha. Anawasisita mapazi amene matenda a shuga anali atayamba kuwatupitsa, n'kuwakumbutsa kuti mwambo womwewo uli ndi potulukira pake. Wamng'ono akhoza kulumpha ngati wamkulu walola ndi pakamwa pake n'kutchula mphatso imene akufuna, ndipo mphatsoyo imaperekedwa popanda kunenerera.

"Zoona, ulipo mwambowo," anavomera Bu Darmini monyinyirika. "Wening akalola pamaso pa anthu, ine ndilibe mawu. Koma usakamukakamize ndi misozi yakoyo. Mwana uja chimwalirire bambo ako sanapumepo. Akachoka kuntchito ali kuno kundibaya jakisoni, akachoka kuno ali kuntchito. Iwe ndiwe wa miyendo, iye ndiye mzati wa nyumba ino."

Kinan anangomva mawu oyamba okhawo. Anawakumbatira amayi ake mpaka nsalu zopindidwa kale zinagwa, n'kuthamangira kuchipinda kukalemba uthenga: "Ibu agonja theka! Kwatsala Mbak basi." Miko anayankha ndi timitima todzaza foni yonse.

* * *

Mawa lake madzulo Miko anabwera kudzaonekera yekha, malaya a batik osita mpaka kuthwa, m'manja muli dengu la zipatso poti zotsekemera Bu Darmini saloledwa. Anawerama, anatenga dzanja lawo n'kuliika pamphumi pake, kenako anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando. Kinan anabweretsa tiyi, ndipo m'malo mobwerera kukhitchini anaima kuseli kwa katani, khutu lili tcheru.

"Ndiye ukufuna kunditengera mwana kutsidya kwa nyanja," anayamba Bu Darmini. "Nonse awiri pantchito usana ndi usiku. Aziphika ndani?"

"Ndiziphika ine, Bu."

"Umatha kuphika chiyani?"

"Madzi, Bu. Ndi mazira."

Kataniyo inagwedezeka ndi phwete la munthu. Bu Darmini anayesetsa kuumitsa nkhope, koma ngodya ya mlomo inawapereka.

"Nanga bwanji iweyo osasamukira kuno, ngati kusamuka kulipo? Mwamuna ndiye amatsata mkazi kukakhala mavuto."

"Ndinayamba n'kufunsa zimenezo, Bu. Chipatala cha kuno za mafupa sichiphunzitsa m'njira yatsopanoyi. Cha ku Makassar chimaphunzitsa zonse ziwiri, mafupa ndi ana. Khomo ndi limodzi lokha, ndipo likuloza uko."

"Ukawasiya malowo?"

"Sadzanditenganso msanga, Bu. Amene wakana malo amabwerera kumapeto kwa mzere." Miko anayang'ana pansi, kenako anadzutsa maso. "Sindilonjeza nyumba yaikulu. Ndikulonjeza kuti kulikonse kumene adzatiponyere, mwana wanu sadzadya yekha."

Bu Darmini anatulutsa mpweya wautali n'kukankhira mbale ya mtedza kwa mlendoyo, chimene kwa iwo chinali chizindikiro chachikulu kwambiri.

"Pakamwa ndiye uli napo. Koma mwini nkhani si ine. Dikirani Wening."

* * *

Wening sabata imeneyo anali ndi ntchito yogonera konko, moti kumupeza kunali kovuta. Loweruka masana anzawo a m'kalasi amene anatengedwa anakumana pamalo ena omwera khofi kuti asangalale, ndipo kumeneko kunalinso Tenri.

Tenri anali mtsikana wa ku Makassar konko, wa kubanja la mayina ataliatali, wokongola mosachita kufunsa, ndipo chiyambire kusukulu sanabisepo kuti Miko amamusangalatsa. Tsikulo anavala ndolo zogwedera, n'kusankha mpando woyandikana ndi wa Miko anthu ena asanakhale n'komwe.

"Kinan, wamva? Inenso za mafupa, kwathu konko! Ine ndi Miko gulu limodzi, ntchito yogonera limodzi, mpaka timalize. Usadandaule m'pang'ono pomwe, ndikakusamalirira munthu wakoyu. Akawonda udzandifunse ine."

"Zikomo," anatero Kinan, akumwetulira ndi mano okha, mtima ukuwira. "Koma amadya kwambiri, ungatope naye."

"Kwathu chakudya sichisowa. Ndipotu chipinda chija bambo avomera, Miko. Akuti ufikire kwathu mpaka upeze pako, kapena osapeza n'komwe, nyumba ndi yaikulu."

Kinan anatembenuka pang'onopang'ono. Miko anali atakwirira nkhope m'kapu ya khofi, ndipo kapuyo inali itatha kalekale.

Panja, poimika njinga, moto unabuka.

"Chipinda chiti, Mas?"

"Dik, anangondifunsa dzana kuti ndikafikira kuti. Ndinati sindikudziwa. Iye n'kuti afunsa bambo ake. Ndikanati chiyani? Ndimukanire munthu pamaso?"

"Eya! Umati, 'Zikomo, ndikubwera ndi mkazi wanga.' Ndi mawu ovuta amenewo? Mayina a mafupa onse aja unaloweza, awa okha ndiye akukukanika?"

"Nanga si Mbak Wening sanayankhe? Ndimaopa kulengeza zinthu zisanapse."

"Oho! Ndiye wasunga chipinda kwa Tenri kuti zikakanika kuno ukagwere konko? Mapanga awiri avumbwitsa, Jatmiko!"

Anakana kukwera njinga yake, anaitanitsa ina pafoni, n'kupita kwawo atafufuma ndi mkwiyo. Nsanje ndi nthenda imene sukulu ya udokotala siphunzitsa mankhwala ake. Foni inalira njira yonse, iye osayankha. Atafika kunyumba anapeza Miko walemba m'gulu la kalasi yonse, momwe mulinso aphunzitsi awo ena:

"Anzanga, ndikukwatira Kinanthi mwezi wamawa, akuluakulu akalola. Tenri, uwathokoze bambo, koma chipinda ndikapeza ndi mkazi wanga. Amene ali ndi jekete yabwino andibwereke."

Mauthenga oyamikira anagwa ngati matalala. Tenri anatumiza kaduwa kamodzi, kenako n'kulembera Kinan payekha: "Mafuno abwino, mnzanga. Koma ndamva kuti kwanu kuno wamng'ono salumpha wamkulu. Chipinda chija sindichipereka kwa wina, chidikire kaye."

Kinan anaponya foni pabedi, anaitolanso, n'kulembera Miko: "Wakhululukidwa. Koma jekete usabwereke, ungandichititse manyazi."

* * *

Wening anabwera Lolemba m'mawa, maso ali psuu, chikwama chikulendewera paphewa limodzi. Anali atatsala pang'ono kumaliza ukatswiri wake wogonetsa odwala pa opaleshoni, ndipo maphunzirowo anali atamuyamwa mpaka masaya kulowa. Asanatule n'komwe chikwama anatsegula firiji, anatenga mankhwala, anakabaya amayi ake jakisoni, ndipo pokhapo ndi pamene anakhala pansi kukhitchini. Kinan anali atamuyalira kale serabi wotentha, chitumbuwa cha ufa wa mpunga cha nthochi pamwamba, chimene Wening ankachikonda chiyambire ali mwana.

"Serabi Lolemba?" anatero Wening. "Waswa chiyani?"

"Palibe, Mbak. Kukukondani basi."

"Uthenga wa Miko uja wafika mpaka kuchipinda cha opaleshoni. Manesi akundifunsa kuti ndivala chiyani. Nena zimene ukufuna, ine ndikagone."

Kinan anafotokoza zonse mothamanga, mawu akupondana: za Makassar, za kusamutsidwa, za Tenri ndi ndolo zake. Wening ankangotafuna, maso ali pawindo.

"Nthawi yathu kunalibe zimenezo," anatero pamapeto pake. "Ukatchula za ukwati chaka choyamba, akuluakulu ankakufunsa ngati wabwera kudzaphunzira kapena kudzabereka. Ife tinkagulira akulu athu chakudya, kuwanyamulira zikwama, kuyankha 'inde dokotala' ngakhale akukuzazira. Inu mwapeza zofewa: malipiro, nthawi yopuma, mpaka kukusamutsira kwa mwamuna. Dziko likusintha ndithu."

"Ndiye mukuti bwanji, Mbak?"

"Ukumukonda?"

"Kwambiri. Ndikaganiza zoti iye uko ine kuno zaka zonsezo, mpweya umandithera."

Wening anamuyang'ana nthawi yaitali, kuposa mmene yankholo linkafunira. Kenako anapukuta zala.

"Lumpha, Dik. Sindingakutsekereze ukwati ine."

Kinan anakuwa mpaka nkhuku za oyandikana nawo zinabalalika. Anamukumbatira mkulu wake, anamupsompsona tsitsi lonunkha mankhwala a m'chipatala, anavina kuzungulira tebulo.

"Mphatso, Mbak! Tchulani! Chikwama chachikopa? Foni yatsopano? Chibangili chagolide? Miko akuti ngakhale njinga yake apereka, aziyenda wapansi."

"Ndidzatchula tsiku lomwelo, pamaso pa anthu, monga mwa mwambo."

"Ndiuzeniko pang'ono, tikonzekere!"

"Si chogula kusitolo. Usavutike n'kukonzekera." Wening anadzuka n'kunyamula chikwama chake. "Nthawi ya mankhwala a Ibu ikakwana uwapatse wekha. Nawenso ndiwe dokotala."

Munthu wodekha akanaima pamawu amenewo n'kuwatembenuza kawiri. Koma Kinan anali kale pafoni, akuuza Miko kuti a kwawo ayambe kuchapa zovala.

* * *

Masiku otsatira anauluka. Kinan ndi Miko anazungulira msika wonse wa nsalu, akukangana za mitundu ngati anthu oti akhala pabanja zaka zambiri. Iye akafuna wobiriwira, Miko ankati wofiirira, ndipo pamapeto pake unagulidwa wobiriwira, monga aliyense akanalosera. Atatopa anakhala pamasitepe a msikawo akumwa madzi a kokonati, Miko n'kutulutsa foni.

"Taona kanyumba aka. Kuchokera kuchipatala ndi kuyenda wapansi. Chipinda chimodzi, kakhonde, ndipo akuti ukaima pachala chakuphazi umaona nyanja."

"Denga lake bwanji likuoneka lopindika?"

"Ndi foni yapindika, Dik."

"Bodza! Koma ndakakonda. Pakhonde apo ndiika maluwa, ndipo iwe uziwathirira poti madzi ndiye umatha."

Anaseka mpaka wogulitsa kokonati anawayang'ana. Kenako anayamba kulosera za mphatso ija. Miko ankati mwina Mbak Wening akufuna kuti mwana woyamba adzamutche dzina lawo. Kinan ankati ayi, akufuna chipinda chachikulu chija cha kutsogolo chimene akhala akulimbirana chiyambire ali ana.

"Atenge, ndi kabati yomwe!" anatero. "Ine ndikuchoka."

"A chipatala cha kuno wawauza kuti malo ukuwasiya?"

"Ndikawauza mwambo ukangotha. Mas, ukudziwa? Sindinasangalalepo chonchi chibadwire. Mpaka ndikuchita mantha."

"Mantha a chiyani? Povuta tadutsa kale," anatero Miko, akumugwira dzanja mobisa kuseli kwa phukusi la nsalu.

* * *

Poti nthawi inali yochepa, mabanja awiriwo anagwirizana kuti chinkhoswe ndi mwambo wolumpha zichitike tsiku limodzi. Lamlungu masana a kwa Miko anafika atanyamula mathireyi okutidwa bwino: zipatso, makeke a mpunga womata, nsalu, nsapato. Pabalaza mipando anaitulutsa, anthu anakhala pamphasa mpaka pakhonde, oyandikana nawo akusuzumira pamawindo. Kinan anavala kebaya wake wobiriwira, bulauzi ya pamwambo, ndipo ankalephera kukhala malo amodzi. Akayang'ana Miko, amene kolala inkamutsamwitsa, kuseka kunkamutuluka kokha.

Nkhoswe ya kuchimuna inali Pakde Sastro, amalume ake a Miko, mphunzitsi wopuma ntchito amene akagwira mawu sawataya msanga. Anayamba n'kuthokoza Mulungu, anadutsa pa makolo, anayamikira nyumba, anayamikira tiyi, mpaka anafika pa duwa limene mphwawo analiona m'munda uno. Bu Darmini anayankha mwaulemu kuti duwalo lilipodi, koma patsogolo pake pali lina limene linayamba kuphuka.

Apo anamukhazika Wening pampando pakati pa balaza. Azakhali awiri anatambasula ulusi woyera patsogolo pake, wina kugwira uku wina uko, n'kumupatsa Wening sizasi m'manja. Wamkulu akadula ulusiwo, njira ya wamng'ono yatseguka. Kinan anayenda chogwada mpaka pa ulusiwo, anaphatikiza manja, n'kunena mawu amene anawaloweza:

"Mbak Wening, ndikupepesa pa zonse zimene ndinakulakwirani. Ndikupempha chilolezo chanu kuti nditsogole, ngakhale njirayi inali yanu. Tchulani chimene mtima wanu ukufuna."

Pakde Sastro sanathe kuugwira mtima. Anakweza dzanja, chifuwa chili patsogolo.

"Ndipo mwana wathu asachite manyazi! Ife a kwa Jatmiko tikunena pamaso pa mboni zonsezi: chilichonse chimene atchule, tavomera kale. Banja lathu silinenerera ngati pamsika!"

Anthu anaomba m'manja. Miko anagwedeza mutu mwamphamvu, ndipo Kinan nayenso anati, "Chilichonse, Mbak."

Wening anatembenuza sizasi m'manja mwake. Polankhula sanakweze mawu, koma ngakhale a pamawindo anamva.

"Ndalola, Dik. Ukwatiwe mwezi wamawa, ndipo ndidzavina kuposa aliyense. Mphatso yanga ndi iyi: malo ako a kuno ku Solo usawasiye. Uphunzire konkuno, uzigona m'nyumba muno, usamale Ibu mpaka umalize. Ino ndi nthawi yanga yochoka."

Dzanja la Pakde Sastro linatsika lokha.

"Kuchoka kupita kuti?" anafunsa Bu Darmini.

"Ku Balikpapan, kutsidya kwa nyanja, Bu. Chipatala china chikundifuna ndikangomaliza. Ndipo kuli munthu. Wandifunsira kawiri, kawiri konse ndinamuyankha kuti Ibu atsala ndi ndani. Ulendo uno wati ndikamukananso sadzafunsanso. Inu munanena kuti m'nyumba ya bambo muno mudzatuluka ndi maliro okha, ndiye mmodzi wa ife ayenera kukhala. Ine ndakhalapo mbali yanga."

Bu Darmini anagwira pakamwa. Kenako pang'onopang'ono nkhope yawo inayamba kuwala, poti zinali zitawalowa: ana onse awiri pabanja, wina n'kutsala pakhomo.

"Alhamdulillah!" anafuula. "Wening ali ndi munthu! Ndiye vuto lili pati? Dula, mwanangu, dula!"

Azakhali anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi, ena kufunsa dzina la munthuyo, ena ntchito yake. M'chipwirikiti chonsecho Kinan anali chigwadire. Ukwati ankaufuna uja unali uwu, wabwera wonse, koma chimene ankaufunira chinali chitachotsedwamo. Akavomera adzakhala mkazi wa pafoni, iye kuno, mwamuna wake ku Makassar pambali pa Tenri. Akakana ndiye kuti wakana mphatso pamaso pa mabanja awiri, ulusi sudulidwa, ukwati palibe, Makassar yomweyo palibe. Anatembenukira kwa Miko. Mnyamatayo anali atatsegula pakamwa, koma amalume ake anamugwira bondo mwamphamvu: mawu a banja anali atatuluka kale, ndipo sabwezedwa.

"Mbak," ananong'ona Kinan, misozi ikugwera pa kebaya, "imeneyi si mphatso. Mukundipempha moyo wanga."

"Ndikudziwa, Dik," anayankha Wening, nayenso maso atadzaza. "Wanga unatengedwa popanda ndi mwambo womwe. Ine ndiye ndachita kukupempha."

Anatsegula sizasi, anaiika pa ulusi, koma sanatseke.

"Yankha, anthu akudikira. Ndidule, kapena ndisadule?"